Bowa wosadziwika sasiya kukhala woopsa chifukwa wamera pakhomo

KALOMWE, Angónia – Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, mabeseni a bowa amayamba kuoneka m'mbali mwa msewu pa Kalomwe, pamsika wa Ulongwe ndi kutsidya kwa malire ku Dedza. Iyi ndi nyengo imene nkhokwe zambiri zapepuka pomwe chimanga cha m'munda sichinache, ndiye bowa amapulumutsa mabanja pa ndiwo komanso pa kandalama ka mchere ndi sopo.

Koma mvula yomweyo imameretsanso bowa wosokoneza mutu ndi bowa wakupha. Achinyamata ena amaona nkhani za bowa woledzeretsa pa mafoni, ndipo akapeza kabowa kachilendo pa ndowe za ng'ombe kudambo amaganiza zokatola kuti akakachulukitse kunyumba. Amakhulupirira kuti chomera pakhomo chimakhala chodalirika kuposa cha kutchire. Pa nkhani ya bowa, zimenezi si zoona.

Bowa amene makolo amamudziwa

Kumidzi ya mbali zonse ziwiri za malire, bowa wodyedwa ali ndi mayina: ndelema, utale, manda, nyonzwe, manyame ndi ena. Mayi wodziwa kuzula bowa amazindikira mtundu uliwonse poona malo amene wamera, nthawi yake, fungo lake ndi maonekedwe a tsinde lake, ndipo nzeruzi amaphunzitsa ana ake aakazi ali kutchire komweko. Bowa amene alibe dzina la ndiwo amangotchedwa chirombo, ndipo salowa mumphika. Lamulo limeneli lasunga miyoyo ya anthu kwa mibadwo yambiri.

Bowa wakutchire wodziwikayu salimika. Chimene anthu amazula ndi chipatso chabe, thupi lenileni la bowa ndi tiulusi toyera tobisika pansi. Tiulusi ta ndelema ndi manyame timakhala tolumikizana ndi mizu ya mitengo monga msuku ndi mombo, ndipo timadyerana ndi mtengowo. Utale, manda ndi nyonzwe amalimidwa ndi chiswe mkati mwa nyumba zake pansi pa nthaka. Popanda mtengo kapena chiswe, bowa ameneyu samera. N'chifukwa chake nkhalango ikatha ndi makala, ndelema amathanso.

Chimene chimasokoneza mutu

Pali magulu awiri a bowa amene amadziwika kwambiri ndi kusokoneza ubongo. Gulu loyamba ndi la bowa wokhala ndi mankhwala otchedwa psilocybin, makamaka mitundu ya Psilocybe ndi ina ya Panaeolus. Wambiri ndi waung'ono, wofiirira, ndipo wina amamera pa ndowe. Munthu akadya, pasanathe ola limodzi amayamba kuona ndi kumva zinthu zimene palibe, ndipo zimenezi zimatenga maola 4 mpaka 6. Ena amagwidwa ndi mantha aakulu, kuthawa osadziwa kumene akupita, n'kuvulala. Kwa munthu amene ali ndi matenda a maganizo, kapena amene m'banja mwawo muli matendawa, bowayu angadzutse vuto lalikulu.

Gulu lachiwiri ndi la Amanita muscaria, bowa wa chipewa chofiira cha madontho oyera. Anafika kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi mitengo ya paini ndipo amamera pansi pa mitengoyo. Amachititsa munthu kusanza, kubwebweta, kudzandira ndi kugona tulo tofa nato.

Ngakhale akatswiri sanamalize kudziwa bowa wa mtundu umenewu mu Africa. Mu 2024 ofufuza a pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa analengeza mitundu iwiri yatsopano, Psilocybe ingeli ndi Psilocybe maluti, imene inali isanalembedwepo m'mabuku a sayansi. Kuti atsimikize, anafunika makina oonera tinthu tating'ono ndi kuyeza DNA. Chithunzi cha pa foni sichingagwire ntchito imeneyo.

Ngozi yaikulu ndi kufanana

Timabowa tofiirira tilipo ta mitundu yambirimbiri ndipo timafanana kwambiri. Pakati pake pali mitundu ina ya Galerina, yokhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Poizoni yemweyo ali mu Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri kuposa wina aliyense pa dziko lapansi ndipo amapezekanso kum'mwera kwa Africa. Theka la chipewa chake lingaphe munthu wamkulu. Iyeyu ndi wa banja limodzi ndi ndelema, ndipo onse awiri akamatuluka m'nthaka amaoneka ngati dzira loyera. Ndiye bowa amene sanatambasuke ndi wovuta kumuzindikira ngakhale kwa ozolowera.

Poizoni ameneyu amanyenga. Munthu amadya, kugona bwinobwino, ndipo pakapita maola 6 mpaka 24 ndi pamene amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Tsiku lachiwiri amaoneka ngati wapeza bwino, achibale n'kumati zatha. Chonsecho chiwindi chikuwonongeka. Pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amasanduka achikasu, impso zimafooka, ndipo ena amamwalira.

Palinso Chlorophyllum molybdites, bowa wamkulu wotuwa ngati ambulera amene amamera pa udzu ndi m'malo odyetsera ziweto. Akakhwima, kunsi kwa chipewa chake kumabiriwira. Amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa pakangopita maola ochepa, ndipo ana aang'ono ndi okalamba ndiwo amafooka msanga.

Kumubweretsa kunyumba sikusintha kanthu

Poizoni wa bowa sachokera m'dothi limene wamera. Ali mu mtundu wa bowayo, monga mmene kuwawa kulili mu chinangwa chowawa. Bowa wakupha akamera kuseri kwa khitchini amakhalabe wakupha.

Chachiwiri, bowa amafalikira ndi timbewu tating'ono ngati fumbi, tosaoneka ndi maso. Ndowe, dothi kapena chipika chochokera kutchire chimanyamula timbewu ta mitundu yambiri nthawi imodzi. Chimene chingamere pakhomo chingakhale chosiyana ndi chimene munthu anachiona kudambo, ndipo mitundu iwiri ingamere malo amodzi.

Chachitatu, pakhomo ndi pamene pali ana. Mwana wokwawa amaika m'kamwa chilichonse, ndipo mlongo wotumidwa kukonza ndiwo angaganize kuti bowa wosungidwa m'nyumba ndi wodyedwa.

Njira zoyesera zimene anthu ena amadalira sizithandiza. Bowa wodyedwa ndi tizilombo, nkhono kapena nyama angaphe munthu. Kusintha kapena kusasintha mtundu kwa supuni mumphika sikusonyeza kanthu. Poizoni wowononga chiwindi satha ndi kuwiritsa, kukazinga, kufutsa kapena kuyanika padzuwa. Kulawa pang'ono n'kudikira ndi msampha, chifukwa zizindikiro zimachedwa.

Lamulo likuti chiyani

Pangano la mayiko la United Nations la mu 1971 linaika psilocybin m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri. M'dziko la Mozambique, lamulo nambala 3/97 la pa 13 Malichi 1997 limapereka chilango pa kulima, kupanga ndi kugulitsa mankhwala ozunguza bongo popanda chilolezo. Kwa anthu a m'malire amene amawoloka pafupipafupi kupita ku Dedza, kunyamula zinthu zotere kungawaike m'mavuto ndi apolisi a mayiko onse awiri.

Munthu akadya bowa wokayikitsa

Banja lisadikire zizindikiro. Wodwala apite naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene anadya nawo, ngakhale amene akumva bwino. Atenge bowa wotsala, wamuwisi kapena wophika, ndipo auze anamwino nthawi imene anadya ndi nthawi imene vuto linayamba. Zimenezi zimathandiza achipatala kudziwa ngati wodwalayo ayenera kutumizidwa kuchipatala cha Ulongwe kapena cha chigawo ku Tete. Ali panjira, wodwala amene akutha kumeza apatsidwe madzi kapena thanzi ORS pang'onopang'ono. Asapatsidwe mowa. Amene wasokonezeka mutu asasiyidwe yekha, ndipo akhale kutali ndi moto, chitsime ndi msewu. Wodwala akaoneka kuti wachira tsiku lachiwiri, asatuluke m'chipatala achipatala asanalole.

Bowa wolimika alipo

Mlimi amene akufuna kulima bowa pakhomo ali ndi njira yodalirika: bowa wa oyisitara, amene akatswiri amamutcha Pleurotus. Ameneyu safuna mtengo wamoyo kapena chiswe. Amamera pa mapesi odulidwa, zitsononkho ndi zotsalira za nyemba kapena soya, zinthu zimene ku Angónia zimangotenthedwa akamaliza kukolola. Zinyalalazi zimanyowetsedwa, kutenthedwa ndi nthunzi mumgolo kuti tizilombo ndi nkhungu zife, kenako kuikidwa m'majumbo pamodzi ndi mbewu ya bowa. Pakapita milungu itatu kapena inayi m'chipinda chozizira bwino, jumbo lonse limayera ndipo bowa amayamba kutuluka pa mabowo. Jumbo limodzi limakololedwa kangapo.

Chinsinsi chili pa mbewu. Iyenera kuchokera kwa akatswiri amene amaikonza mwaukhondo ndipo amadziwa mtundu wake, osati kutchire. Ku Malawi ntchito ya ulimi wa bowa yakhala ikuchitika pa sukulu ya zaulimi ya Bunda ndi pa malo a kafukufuku a Bvumbwe. Alimi a ku Kalomwe, Domwe ndi madera ozungulira angayambe ndi kufunsa alangizi a zaulimi a ofesi ya SDAE ku Ulongwe za kumene angapeze mbewu yovomerezeka ndi maphunziro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bowa amene agogo a m'mudzi sakumudziwa dzina asiyidwe pamene wamera.