Mai Amene Anapeza Cinsinsi ca Mawanga a Cimanga

Mlimi ali yense amene anasendapo cimanga ca makolo adziwa kuti nthawi zina njere imodzi imatuluka ndi mawanga: yoyera, koma yowazidwa timadontho tofiira kapena takuda. Ambiri amangoiponya m'dengu pamodzi ndi zinzace. Koma ku America kunali mai wina, Dr. Barbara McClintock, amene anatha zaka zambiri ali kufufuza cimene cicititsa mawanga amenewa, ndipo yankho limene anapeza linadikira zaka zoposa 30 kuti lilandire ulemu wace.

Mlimi ayesedwa ndi nkhokwe yace. Katswiri wofufuza ayesedwa ndi zinthu ziwiri: malipoti amene walemba m'magazini a sayansi, ndi ciwerengero ca akatswiri anzace amene achula malipotiwo polemba nchito zao. Kuchula lipoti la mnzako ndiko kubvomera kuti wamanga pa maziko ace. Mu 1964 Eugene Garfield wa ku Philadelphia anayamba kusindikiza buku la Science Citation Index, losonyeza amene wachula mnzace. Mu 2005 Jorge Hirsch anaonjezapo muyeso wochedwa h-index: katswiri amene ali ndi malipoti 20, lili lonse lochulidwa kosacepera ka 20, muyeso wace ndi 20. Mayunivesite ambiri amayang'ana manambala otere pokweza munthu pa nchito kapena pogawa ndalama zofufuzira.

Mai McClintock anabadwa mu 1902, natsiriza maphunziro a udokotala wa zomera pa yunivesite ya Cornell mu 1927. Nchito yao inali pa majini, tinthu tobisika m'kati mwa mbeu timene tinyamula maonekedwe a makolo kupita kwa ana. Majini amakhala mondandalikana pa timaulusi tochedwa makromozomu, ndipo maiwa ndiwo anapeza njira yosiyanitsira makromozomu 10 a cimanga, limodzi-limodzi, pa makina okuza tinthu tating'ono. Mu 1931, pamodzi ndi Harriet Creighton, anatsimikiza kuti makromozomu amasinthana zidutswa pamene comera cikonzekera kubereka. Anzao anawalemekeza kwambiri, kotero kuti mu 1945 anakhala mtsogoleri wa bungwe la Genetics Society of America.

Zinthu zinasintha ndi nkhani ya mawanga. Ali pa malo ofufuzira a Cold Spring Harbor, ku New York, anabzala cimanga caka ndi caka, nathira okha mungu pa ndebvu za cimanga, nalemba maonekedwe a njere iri yonse. Anapeza kuti tizidutswa tina ta cibadwa sitikhazikika malo amodzi. Kacidutswa kakalowa m'kati mwa jini yopanga utoto, jiniyo imaleka kugwira nchito ndipo njere imayera. Kakacokamo njere iri kukula, utoto umabwerera pa malo okhawo, ndiye dontho lija. Kakacoka msanga dontho limakula, kakacedwa limacepa.

Anafalitsa zimenezi mu 1950, nazilongosola pa msonkhano waukulu mu 1951. Nthawi imeneyo akatswiri anali kukhulupirira kuti jini iri yonse ili ndi malo ace osasintha, motero owerengeka okha ndiwo anatsata njira yatsopanoyi. Ambiri anaiona ngati cilendo ca cimanga cabe. Mu 1953 maiwa analeka kutumiza malipoti a nkhaniyi ku magazini akulu, ngakhale kuti m'munda sanalekemo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, akatswiri ena anapeza tizidutswa toyenda m'tizirombo ta bakiteriya, pambuyo pace m'nchenche za zipatso. Anaonanso kuti tina timathandiza tizirombo kupatsirana mphamvu yokana mankhwala. Apo mpamene malipoti akale a Mai McClintock anafukulidwa, nayamba kuchulidwa ndi anthu amene sanalimepo cimanga. Mu 1983, ali ndi zaka 81, analandira mphotho ya Nobel, ndipo ndiwo mai woyamba kuilandira yekha m'gawo la za thupi ndi mankhwala. Anamwalira mu 1992. Mu 2009, pamene cibadwa conse ca cimanga cinawerengedwa, kunapezeka kuti pafupi-fupi magawo 85 mwa 100 ali tizidutswa ta mtundu umenewu.

Manambala a kuchulidwa ali ndi nchito yace, pakuti asonyeza cimene akatswiri ali kugwiritsa nchito pa nthawiyo. Cimene sangathe ndico kuloseratu cimene cidzafunika mawa. Woyesa akadayang'ana lipoti la mawanga mu 1955, akadaganiza kuti mbeu sinamere. Akulu ogawa ndalama zofufuzira ayenera kukumbukira nkhani imeneyi asanatseke munda wa katswiri cifukwa ca manambala ocepa.