KOMPRESA SIFA MWADZIDZIDZI

Pa Migowi, pa Chiringa ndi pa boma pa Phalombe pali anthu amene amadyera makina aja dzina lace kompresa. Ena amapopera matayala a galimoto ndi a njinga zamoto, ena amapentera zitseko ndi mawindo. Amene amabwera kudzakumba mijigo m'midzi nao amakoka kompresa yaikuru, cifukwa mpweya wace ndiwo umamenyetsa nyundo pa mwala ndi kuturutsa dothi m'dzenje. Makinawa akaima, nchito yaima, ndipo ndarama zowakonzera si zocepa iai. Koma kompresa sifa mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula masiku ambiri, ndipo mwini wace wochera khutu angathe kuipulumutsa.

KAGWIRIDWE KACE KA NCHITO

Mota kapena injini imazunguza lamba, lambayo amayendetsa pisitoni, ndipo pisitoni imakoka mpweya wa panja ndi kuupanikiza m'thanki. Makompresa ang'ono ambiri amafika pa 8 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono lifuna 2 bar kapena kupitirira pang'ono. Kunena 8 bar ndiye kuti malo ali onse a m'thanki ofanana ndi cikhadabo ca cala asenza makilogalamu 8. Si cinthu cosewera naco.

MADZI A M'THANKI

Mpweya uli wonse uli ndi cinyezi, makamaka m'miyezi ya dzinja. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukazizira m'thanki cinyezi cija cimasanduka madzi amene amakhala pansi. Madziwo amabala dzimbiri, dzimbiri limadya citsulo kuyambira m'kati, koma kunja penti ali nyezinyezi. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono madzulo ali onse poweruka zimitsani makina, cepetsani mpweya, ndi kutsekula kampopi ka pansi pa thanki kuti madzi aturuke. Thanki ikabooka ndi dzimbiri musaiotcherere cigamba. Pamene paboola ndi pamodzi, koma citsulo capyapyala pena ponse, ndipo thanki yotere ikaphulika imapha anthu.

PFUMBI, OILO NDI KUTENTHA

Cigwa ca Phalombe, kucokera ku phiri la Mulanje kufikira ku nyanja ya Chilwa, cimakhala ca pfumbi zedi m'cilimwe. Kompresa imapuma pfumbilo usana wonse. Sefa ya polowera mpweya ikatsekeka makina amacedwa kudzaza thanki, ndipo ikang'ambika mcenga umalowa ndi kupala pisitoni. Yeretsani sefa sabata iri yonse, ndipo m'mwezi wa Okutobala muzitero kawirikawiri. Musaimike kompresa pafupi ndi cigayo, pakuti ufa wouluka umatseka sefa monga pfumbi lomwe.

M'mawa muli monse yang'anani oilo musanalize makina. Thirani oilo wa kompresa amene buku la makinawo linena, osati wakuda wokhetsedwa m'galimoto. Ikani makina pa mthunzi, patali pang'ono ndi khoma, kuti mphepo idzipita bwino.

ZIZINDIKIRO ZA MATENDA

1. Ikamalira kawirikawiri pamene palibe wogwiritsa nchito, mpweya ulikuthawa. Pakani madzi a sopo m'molumikiza mapaipi; pamene pacita thobvu ndipo pali bvuto.

2. Ikamalira nthawi yaitali koma muvi wa geji osakwera, onani sefa ndi lamba. Lamba wabwino mukamsindikiza ndi cala pakati amalowa ngati sentimita imodzi. Zimenezi zikakhala bwino, mavalavu a pamutu atha.

3. Mpweya ukamaturuka ndi oilo, kapena mwathira oilo wambiri, kapena maring'i a pisitoni atha.

4. Ikamagogoda m'kati, zimitsani pomwepo. Mwina ndi bauti lomasuka, koma mwina ndi mabering'i, ndipo kuumirira kumaswa makina onse.

5. Mota ikamang'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga isanapse. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ayenera kukhala 230 volts, koma nthawi zina amafoka, ndiponso nthambo yaitali yopyapyala imawafoketsa. Magetsi akakhala bwino, itanani wodziwa ayese kapasita.

6. Oilo akayera ngati mkaka, mwalowa madzi. Khetsani ndi kuthira wina.

Pa thanki pali kavalavu kokhala ndi mphete, kamene kamatsekuka kokha mpweya ukapyola muyeso. Kokani mpheteyo kamodzi pa mwezi kuti muone ngati kali ndi moyo. Kakamadontha gulani kena. Musakamange ndi waya kapena kukatseka.

MADZI OSEFUKIRA

Anthu a Phalombe adziwa za napolo wa ku Michesi wa mu Marichi 1991, ndi namondwe Freddy wa mu Marichi 2023. Cifukwa cace mangirani kompresa pamalo pokwera. Makina amene anamira musawalize kuti muone ngati ali bwino, pakuti kuyesa komweko ndiko kumaocha mota. Ayambe atsukidwa, aume, oilo asinthidwe, ndipo wodziwa za magetsi awayese.

Pomariza, musagwire sipanala makina asanazimitsidwe ndi mpweya wonse usanaturuke. Musapemerere munthu ndi paipi ya mpweya, ngakhale mwa masewera, cifukwa umatha kuononga diso kapena khutu. Tipempha aphunzitsi auze ana a sukulu zimenezi, pakuti ana ndiwo amakonda kuunjikana pamene alikupopa matayala.