Mbuna ndi ndere: ndi nsomba iti ingakhale nazo m'thanki imodzi?

Tiyerekeze kuti kalabu yanu ya sayansi kuno ku Namitambo yapeza thanki yagalasi, mwaikamo miyala, madzi ndi mbuna zingapo zochokera ku nyanja ya Malawi. Patapita milungu itatu, galasi layamba kubiriwira ndi ndere. Mnzanu wina akuti, "Tigule kansomba kodya ndere, kazitiyeretsera." Mwagula, mwaikamo madzulo. Kukacha mwapeza kansomba kaja zipsepse zili zothethekathetheka, kabisala pakona, mwinanso kafa kale. Chalakwika n'chiyani?

Yankho lili m'moyo wa mbuna kunyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chomwe UNESCO inaikira Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo zambiri chakudya chake ndi ndere zomera pamiyalapo pamodzi ndi tizilombo tating'ono tobisala m'nderezo. Mtundu wa Labeotropheus uli ndi kamwa yoyang'ana pansi, yoti izipala mwala ngati mmene khasu limapalira udzu.

Ndiye kwa mbuna yamphongo, mwala wa ndere ndi munda wake, komanso ndi pomwe imakopera yaikazi. Imaulondera usana wonse. Mukaika nsomba ina yodya ndere m'thanki, inu mumaona wantchito woyeretsa galasi, koma mbuna imaona wakuba m'munda. Kunyanja wothamangitsidwa amathawira kutali. M'thanki angathawire kuti?

Choncho posankha mnzake wa mbuna, funsani mafunso atatu. Kodi ali ndi chodzitetezera? Kodi amadya nthawi yosiyana ndi mbuna? Kodi angapirire madzi a mbuna? Funso lachitatuli ndi la Chemistry yomwe mumaphunzira m'kalasi: madzi a nyanja ya Malawi pH yake ili pafupifupi 8, ndipo mbuna zimafuna madzi ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 28.

Otocinclus, kansomba ka ku South America kotchuka pakudya ndere, kamalephera mayeso. Kamangofika masentimita 5, ndi kofatsa, ndipo kamakonda madzi a pH yotsikirapo. Tinkhanu tating'ono todya ndere timasanduka ndiwo tsiku lomwelo.

Yomwe oweta ambiri amaidalira ndi Ancistrus, yomwe pa Chingerezi amati bristlenose pleco, nayonso ya ku South America. Thupi lake lakutidwa ndi timafupa tolimba ngati chishango, imatuluka usiku mbuna zitagona, imapirira madzi a pH yokwera, ndipo imalekezera pa masentimita 15. Komabe imafuna phanga lakelake lobisalamo ndi kachidutswa ka mtengo koti izitafuna. Ndi bwino kuiyika m'thanki mbuna zisanalowe kapena zikadali zazing'ono. Samalani, musaisokoneze ndi pleco wamba, yemwe amakula kupitirira masentimita 40.

Nanga yakwathu konkuno ilipo? Nkholokolo, yomwe asayansi amaitcha Synodontis njassae, imakhala ndi mbuna m'nyanja momwemo, ndiye madzi si vuto. Ili ndi minga yolimba pamsana ndi m'mbali, ndipo mbuna siziiputa wamba. Koma tinene zoona: nkholokolo imatola zotsalira pansi ndi tizilombo, galasi siingakuyeretsereni.

Mtundu wa mbuna zanu nawonso ndi nkhani. Melanochromis auratus ndi yaukali zedi, pomwe Labidochromis caeruleus, yachikasu ija, ndi yofatsirapo. Thanki ikhale ya malita osachepera 200, yokhala ndi miyala yambiri yoti nsomba zisamaonane nthawi zonse.

Tsopano funso lomwe ambiri amaliiwala: kodi mukufunikadi nsomba ina? Ndere zimakula ndi kuwala komanso michere yochokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala. N'chimodzimodzi ndi damu la makumba lomwe limabiriwira mlimi akathiramo manyowa. Chotsani thanki pawindo lowomba dzuwa, musamadyetse mopyola muyeso, ndipo sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi. Galasi pukutani ndi siponji yosakhudzapo sopo. Ndere za pamiyala zisiyeni, ndi chakudya chenicheni cha mbuna. Matumbo ake ndi aatali, oyenera zomera, ndipo zikamadya kwambiri zakudya zanyama zimatha kudwala matenda otupa mimba omwe oweta amawatcha Malawi bloat.

Chomaliza, nsomba yachilendo ikakutopetsani musakaitaye mumtsinje kapena m'damu. Ku Florida, ku Mexico ndi ku Philippines, mapleco otayidwa ndi oweta anaswana m'mitsinje mpaka kusowetsa mtendere nsomba zakomweko ndi asodzi. Ipatseni woweta wina, kapena funsani alangizi a zansomba a m'boma lanu.

Ngati muli ndi mwayi woona mbuna m'thanki, yesani izi: khalani chete mphindi 10, muwerenge kuti yamphongo yathamangitsa zinzake kangati, ndipo yabwerera pa mwala uti. Mwalawo ndiye munda wake.