Bokosi la pa Nsanja ndi Ulendo wa Mawu

Omvera athu, makamaka inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Petauke ndi ku Nyimba, ambiri mwa inu mwafikapo ku mwambo wa Tuwimba, kumene Ansenga amasonkhana pamaso pa Mfumu Yaikulu Kalindawalo. Pa khamu lotere, woima kutali ayenera kumva wolankhula, oimba ndi ng'oma, chilichonse pa mlingo wake. Mwini ntchito imeneyi ndi mmisiri wa makina osakanizira mawu, ndipo malo ake oyenera ndi pakati pa anthu, patali ndi nsanja, kuti azimva zimene khamu likumva.

Vuto lagona pa mtunda umenewo. Mphamvu yotuluka mu maikolofoni ndi yochepa zedi. Kale maikolofoni iliyonse inkafuna nthambo zakezake za mkuwa, ndipo zonse zinkamangidwa pamodzi m'chingwe chimodzi chonenepa ndi cholemera, chimene amisiri amachitcha njoka. Chingwechi chikayandikana ndi nthambo za magetsi chimatha kutola kulira kwapansipansi kosalekeza, pakuti magetsi athu amatembenuka ka 50 pa sekondi iliyonse. Pokuza mawu, kulirako nakonso kumakula.

Bokosi la dijito limaikidwa pa nsanja pomwepo, ndipo maikolofoni onse amalowa m'menemo ndi nthambo zazifupi. M'kati mwake mphamvu yofooka ija imakuzidwa, kenaka imapimidwa ka 48,000 pa sekondi, muyeso uliwonse nusandulika nambala. Tsono zoyenda ulendo wautali ndi nambala zokha. Apa mpamene pali nzeru yake: phokoso la panjira limasakanikirana ndi mphamvu yofooka, koma nambala, malinga ngati ikuwerengeka, imafika monga inanyamukira.

Tiyeni titenge makina a Behringer X32, amene anatuluka m'chaka cha 2012. Bokosi lake lotchedwa S16 limalandira maikolofoni 16 ndi kubweza njira 8 zopita ku zokuzira mawu. Pakati pa awiriwa pamadutsa kanthambo kamodzi ka mtundu wolumikizira makompyuta, kotha kunyamula njira 48 kupita ndi 48 kubwerera, pa mtunda wosapitirira mamita 100. Katundu amene ankalemetsa amuna awiri, mnyamata mmodzi amamunyamula pa phewa.

Komabe tisatengeke msanga. Njoka yakale sinkafuna magetsi akeake, ndipo nthambo imodzi ikaduka zinzake zinkagwirabe ntchito. Bokosi la dijito limafuna magetsi pa nsanja. Akathima, kapena kanthambo kaja kakaduka, mawu onse amazima nthawi imodzi, ngakhale mfumu ili pakati pa kulankhula. Amene akumbukira kuthima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, adziwa kuti izi si nthano. Nchifukwa chake mmisiri wosamala amaika batire losungira mphamvu pakati pa jenereta ndi bokosi, amakwirira kanthambo pamene anthu ndi njinga zidutsa, nayala kena kapadera pambali pake mwambo usanayambe.