Mlimi wa ku Rumphi Adzagulitsa Chiyani, Nanga kwa Ndani?

Boma limodzi, minda yosiyana

Pa nkhani ya ulimi, Rumphi sungamulongosole ndi mawu amodzi. Kuchidikha cha Nkhamanga, kuyambira ku Bolero mpaka ku Hewe, komanso m'chigwa cha Henga momwe mumadutsa mtsinje wa South Rukuru, anthu amadalira chimanga ndi fodya wa bale. Kumapiri a Phoka ndi Mphompha kumazizira, ndipo kumeneko n'kwa khofi ndi nyemba. Ukatsetsereka ku Chiweta n'kulowera ku Mlowe, kunyanja, umapeza chinangwa ndi nsima ya kondowole.

Gawo lalikulu la bomali ndi nkhalango zotetezedwa za Nyika ndi Vwaza, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Malo otsegula minda yatsopano ndi ochepa. Chuma chikabwera, chidzachokera pa munda womwewu umene ulipo kale, ndiponso pa mtengo umene mlimi amalandira.

N'chifukwa chiyani fodya sakuchoka?

Kufikira 1990, lamulo linkapatsa eni maesiteti okha mwayi wolima bale. Litamasulidwa, alimi ang'onoang'ono analowamo mwaunyinji, ndipo okushoni ya ku Mzuzu itatsegulidwa mu 1993 msika unafika pafupi.

Fodya ndi ntchito ya chaka chonse. Nazale imafesedwa dzuwa lili phwee, madzi n'kumatunga ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa n'kuwokera, kenako kuthyola tsamba ndi tsamba, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi, mpaka kudinda mabelo ndi jeke. Manja amada ndi utomoni, msana suwongoka. Chigafa chimafuna mitengo, ndipo mapiri ometeka amene timawaona m'mbali mwa msewu ndi umboni wake.

Nanga mlimi amakakamiriranji? Anthu a m'maofesi amakonda kunena kuti n'chizolowezi chabe. Ine sindivomereza. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula: kampani imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, imatumiza mlangizi kumunda, ndipo imalonjeza kugula makilogalamu akutiakuti. Mlimi amadandaula ndi zodula zimene zimachotsedwa pa malonda ake, ndipo kudandaulako n'komveka, koma amadziwiratu kumene belo lake likupita asanafese n'komwe. Ndi mbewu zochepa kwambiri m'Malawi muno zimene zimam'patsa chitsimikizo chotere.

Komabe mphepo ikusintha. Mu 2021 lamulo la ntchito linathetsa utenanti, umene minda yambiri ya kumpoto inkadalira potenga mabanja ochokera kummwera. Mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta. Fodya sadzatha mawa, koma amene akumanga tsogolo la ana ake pa mbewu imeneyi yokha ayenera kuyamba kuyang'ana kwina.

Zimene khofi akutiphunzitsa

Alimi a ku Phoka ndi Mphompha ali m'gulu la makoparetivi amene amapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007 kuchokera ku mabungwe a khofi amene analipo kale. Mlimi amathyola zipatso zofiira zokhazokha, n'kupita nazo tsiku lomwelo ku makina osendera. Zikasendedwa zimavundikidwa, kutsukidwa, n'kuyanikidwa pa thandala, osati pansi. Khofi wa arabica wosamalidwa motere amagulidwa kunja pa mtengo wabwino, ndipo wina amakazingidwa n'kuikidwa m'mapaketi konkuno.

Vuto lake n'loti mtengo wa khofi umatenga zaka zitatu kapena kuposerapo usanabereke, ndipo banja lopanda chakudya silingadikire choncho. Malipiro akachedwa, ena amagwa mphwayi n'kusiya minda ikumera tchire. Ngakhale zili choncho, apa m'pamene ndimaona njira: alimi ali ndi makina awoawo, dzina lawolawo pa paketi, ndiponso wogula wodziwika. Uchi wa alimi a njuchi ozungulira Nyika ukhoza kuyenda njira yomweyi.

Soya, mtedza ndi nyemba

Mbewu izi zimachita bwino m'madera ambiri a bomali ndipo sizilira feteleza wambiri. Chimene chimazipha ndi msika. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mu Epulo ndi Meyi, pamene fizi ya ana ikufunika, amene amafika pamudzi ndi venda ndi sikelo yake yopachika pa nthambi. ADMARC, yomwe kale inali pothawira, inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, ndipo sinabwerere mphamvu zake zakale. Mlimi wogulitsa yekha ndowa ziwiri alibe mawu pa mtengo. Koparetivi yokhala ndi nyumba yosungiramo katundu, yotha kudikira miyezi itatu, imakhala nawo.

Zimene mlimi sangazilamule

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Feteleza amachokera kunja, choncho mtengo wa thumba unakwera moti ambiri akuthira theka la zimene munda ukufuna, ena akusakaniza ndi manyowa. Feteleza wotsika mtengo wa boma safikira aliyense.

Mvula nayo siikupanganika. Nkhamanga ili kuseri kwa mapiri a Nyika, ndipo imalandira mvula yochepa poyerekeza ndi kumtunda. Ntchemberezandonda zakhala zikuboola chimanga kuyambira cha m'ma 2017. Amene ali m'malire a Vwaza amagona kumunda kuthamangitsa njovu. Chopweteka n'chakuti mitsinje yochokera ku Nyika, monga Lunyina, imayenda chaka chonse, pamene minda ya m'mbali mwake yambiri imakolola kamodzi kokha. Ndalama za ulimi wamthirira zikanayamba kugwera kumeneko.

Msewu

Rumphi ali pa njira yopita ku Songwe ndi ku Dar es Salaam, ndipo uwu ndi mwayi umene maboma a kummwera alibe. Koma katundu ayenera kufika kaye pa msewu waukulu wa M1. Msewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa walonjezedwa ndi boma lililonse kwa zaka zambiri, ndipo mbali yake yaikulu ikadali fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Mwini lole akakana kupita ku Hewe, kapena akakweza mtengo wonyamulira, ndalamayo imadulidwa pa thumba la mlimi.

Amene akufuna kuti alimi a ku Nkhamanga achepetse fodya abwere ndi zinthu zitatu zimene kampani ya fodya imabwera nazo: zipangizo pa ngongole, mlangizi wofika kumunda, ndi mgwirizano wogula wosainidwa mvula isanagwe.