Mphukira ku Malosa

Mphepo ya chiperoni ikaleka kumapeto kwa Ogasiti, phiri la Malosa limasintha maonekedwe. Mitengo ya mombo, yomwe inayoyola masamba m'nyengo yachisanu, imaphuka masamba anthete ofiira, ngakhale kuti mvula imakhala idakali kutali ndi miyezi iwiri kapena itatu. Mitengoyi siyembekeza mitambo chifukwa mizu yake imapeza chinyezi pansi penipeni. Nayo mitengo ya mango imachita maluwa. Iyi ndiyo nyengo ya mphukira, ndipo kwa munthu wa m'chigwa cha Domasi ndi chizindikiro chakuti khasu lituluke m'nyumba.

Ntchito imayamba dzuwa lisanatuluke. Ena amapita kukasosa ndi kuunga mizere, ena amatsikira kumadimba a m'mbali mwa mitsinje ya Domasi ndi Likwenu kukathirira tomato ndi mpiru, zomwe amakagulitsa pamsika wa Songani kapena m'mphepete mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde. Ana amene anali kujando ndi kunsondo patchuthi amakhala atatuluka, ndipo mu Seputembala sukulu zimatsegulidwa. Amene analemba mayeso a Fomu 4 amatsala pakhomo, kudikira zotsatira za MSCE.

Koma munthu woyang'anitsitsa m'mindamo adzaona kuti makasu ambiri ali m'manja mwa agogo ndi amayi. Pamwambo wa chikamwini, womwe ngofala m'dera la Mfumu Malemia, ntchito yosweratu mphanje ndi yofolera nyumba mvula isanagwe inali ya mkamwini. Kuchoka kwa amuna si kwachilendo. Kale ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka boma linaletsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Kenaka anapitanso kudzera ku TEBA mpaka 1988. Pamenepo munthu ankapita pamgwirizano wa nthawi yodziwika, nabwerera ndi bokosi lake. Masiku ano anyamata ndi atsikana omwe amakwera okha basi ya ku Joni, ena amalowera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo tsiku lobwerera palibe amalidziwa. Ndalama zimafika pafoni mwezi wina, mwezi wina ayi. Chonsecho fizi, yunifolomu, feteleza ndi malipiro a aganyu zonse zimafunika m'nyengo yomweyi, pamene chimanga cha m'nkhokwe chayamba kutsika.

Pakhomo pakasowa ndalama, maso amatembenukira kuphiri. Nkhalango ya Malosa inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Komabe utsi wa mauvuni umaoneka m'zigwembe, ndipo m'mbandakucha njinga zosenza matumba a makala zimatsika kulunjika kutauni. Wootcha makalayo kawirikawiri ndi mnyamata wosiya sukulu amene akufuna kugulira amake thumba la feteleza, ndipo womugula ndi wapantchito wa m'tauni amene amaphikira pambaula. Pamwamba pa nkhwangwa pali moto wolusa. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala utauma gwaa, choncho moto umene wosaka mbewa wayatsa m'munsi umakwera phiri lonse usiku umodzi.

Zotsatira zake zimaoneka m'madzi. Mtsinje wa Domasi, umene umalekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa, umathirira minda ya mpunga kumunsi usanakathire m'nyanja ya Chilwa. Pamene pali mitengo, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono ndipo imatuluka m'akasupe mpaka m'chilimwe. Pamene pali poyera, madzi amathamanga tsiku lomwelo, atakokolola nthaka, ndipo kasupe amauma msanga. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndiponso njosazama, motero matope onse otsika m'mapiri amakhazikika momwemo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Chilala ndicho chinayambitsa, koma matope amaonjezera vutolo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa m'chigawo cha kumwera kuopsa kwa madzi otsika m'mapiri. Chipatala cha St Luke's, sukulu ya sekondale ya Malosa ndi malo a maphunziro a Chilema zili patsinde pa phiri lomweli, pamodzi ndi midzi imene amayi ake amafola pamjigo. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Chikhalirecho, mphukira imaonetsanso pamene pagona chiyembekezo. Chitsa cha mombo sichifa msanga. M'nyengo inoyi chimatulutsa nthambi zambiri, ndipo popeza mizu yake njakale, zimakula mofulumira kuposa mbande yochokera kunazale. Chofunika ndi kusiyapo nthambi ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudula zotsalazo, kuingitsa mbuzi, ndi kulambula njira yotchinga moto mozungulira. Kumene kutentha tchire sikungapewedwe, a zankhalango amalangiza kutentha kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, pamene moto umakhala wofooka. Dziko lino lakhala likudzala mitengo chaka ndi chaka kuyambira 1976, koma mbande yodzalidwa mu Januwale imapsa mu Okutobala ngati palibe woisamala.

Ntchito imeneyi siifuna ndalama. Imafuna chikwanje, khasu ndi mgwirizano wa pamudzi. Mphunzitsi angathe kutenga ana ake kukaona chitsa chophuka kuseri kwa sukulu m'malo mongojambula mtengo pabolodi. Naye wachinyamata wodikira zotsatira za mayeso, amene ndiye wamphamvu wotsala pakhomo pa agogo ake, ali ndi miyezi iwiri mvula isanagwe. Kaya adzapita ku Joni kaya adzakhala, zitsa zimene angateteze chaka chino zidzakhala zitafika pomupitirira msinkhu mng'ono wake asanamalize sukulu. Paja mmera mpoyamba.