Makomo Awiri a Kumbuyo kwa Kompyuta

Munthu wa pa mgodi ku Kitwe kapena ku Chingola akamagula kompyuta yakale kuti aitumize kwao ku Chadiza, kawirikawiri amayang'ana kutsogolo kwace kokha. Koma ayenera kuitembenuza, naona makomo olowetsapo nthambo amene ali kumbuyo. Pakuti nthambo ikakana kulowa katundu atafika kale kumudzi, mbale wace adzataya ndalama za ulendo wa ku Chipata kukafuna ina, ndipo mwina osaipeza konse.

Kompyuta ilankhula ndi makina anzace mwa zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. Cizindikiro cimodzi cichedwa biti, ndipo mabiti 8 akwanira kunyamula cilembo cimodzi. Tsono mabiti amenewa angathe kuyenda m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo ya khomo lochedwa serial port. Pamenepa mabiti ayenda mondondozana pa waya mmodzi, monga akazi ocokera kucitsime m'kanjira kopapatiza. Lamulo lace, RS-232, linakhazikitsidwa ku America m'caka ca 1960, makompyuta a m'nyumba kulibe, ndipo linali la makina otumiza mau olembedwa pa nthambo za lamya. Poyamba khomoli linali ndi mano 25, koma m'caka ca 1984 kampani ya IBM inayamba kuika la mano 9. Mwa mano 9 amenewa, atatu ndiwo asenza nchito yeniyeni: dzino laciwiri lilandira, lacitatu litumiza, lacisanu ndilo lobwererapo magetsi.

Bvuto la khomo limeneli liri pa cipangano. Makina onse awiri ayenera kumvana za liwiro, monga mabiti 9,600 pa sekondi. Wina akathamanga mnzace alikuyenda pang'onopang'ono, paoneka zilembo zosokonezeka zopanda tanthauzo, ndipo mwini wace angaganize kuti makina afa, pamene cosowa ndico kukonza nambala imodzi yokha. Ndiponso polumikiza makompyuta awiri pafunika nthambo yopingasa, imene waya wotumiza wa uku agwera pa dzino lolandira la uko, pakuti pakamwa payenera kulunjika ku khutu, osati ku pakamwa pena.

Njira yaciwiri ndiyo parallel port, imene kampani ya Centronics inayambitsa ca m'ma 1970 cifukwa ca makina ace osindikiza makalata. IBM inaitenga m'caka ca 1981. Muno mabiti onse 8 anyamuka pamodzi, yense pa waya wace, monga amuna 8 oyenda moyandikana pa mseu waukulu. Cilembo cifika msanga ndithu. Koma amuna 8 sangayende ulendo wautali popanda wina kutsalira, ndipo momwemonso mabiti. Cifukwa cace nthambo yace, yonenepa ndi youma, ingofika mamita owerengeka, pamene ya serial ifika mamita 15.

Kusiyanitsa makomowa nkosabvuta. Pa kompyuta, khomo la serial liri ndi mano oturuka. La parallel liri ndi zibowo 25 m'mizere iwiri, ndipo nsonga ya nthambo yopita ku makina osindikiza iri ndi polumikizira 36. Palinso khomo la zibowo 15 m'mizere itatu, kawirikawiri labuluu, limene linyenga anthu cifukwa lifanana msinkhu ndi la mano 9. Limenelo ndi la galasi loonetsa zithunzi. Nthambo ya parallel isalowetsedwe kapena kuzulidwa magetsi ali ciyakire, cifukwa khomo lingapse.

Dziko la Zambia liri ndi mangawa kwa khomo laling'onolo. M'caka ca 1991 University of Zambia inayamba kutumiza makalata a pa kompyuta kupyolera m'nthambo za lamya, ndipo m'caka ca 1994 ZAMNET inatsegula intaneti ku Lusaka. Kabokosi kochedwa modemu, kamene kanali kukhala pakati pa kompyuta ndi lamya masiku amenewo, kanali kulumikizidwa pa serial port.

M'caka ca 1996 kunabwera USB, imene inalowa m'malo mwa makomo onse awiri. Cozizwitsa ncakuti USB nayonso itumiza mabiti mondondozana. A m'kanjira aja anapambana a pa mseu, pakuti anaphunzira kuthamanga. Parallel port siionekanso pa makompyuta atsopano. Koma serial port ikalipo pa makina ambiri a m'migodi ndi pa masikelo a magetsi, onga opimira cimanga, nsawa ndi thonje, kumene nambala yolakwa iri njala ya mlimi.

Kompyuta yopanda makomo akalewa ingathe kulankhulabe ndi sikelo mwa kanthambo kokhala ndi USB kwina ndi mano 9 kwina. Kanthamboka kafuna pulogalamu yace m'kompyuta, ndipo nkwabwino kuiika ndi kuiyesa m'tauni katundu asanakwere basi. Kena kotere ka parallel kaliponso, koma kamvana ndi makina osindikiza okha.